CHILONDA CHA M'DISO CHOSAMVA MANKHWALA WAMBA

Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ndiyo miyezi ya ntchito yaikulu m'boma la Salima. Ku Lifuwu ndi m'madambo ena a m'mbali mwa nyanja anthu amakhala ali kumweta ndi kupuntha mpunga. Kumtunda amakhala ali kukolola chimanga, kutola thonje ndi kumweta udzu wofolera nyumba. Ndiyonso miyezi imene mwera umaomba kolimba, nuulutsa mankhusu ndi fumbi kuchokera pa mabwalo opunthira. Phunziro la mwezi uno likunena za nthenda ina ya maso imene imakonda anthu ogwira ntchito zimenezi, ndiponso za mankhwala ake odontheza m'maso. Nthendayi ilibe dzina lodziwika m'midzi, koma anthu amene inawasiya ndi diso loyera ngati la nsomba yophika alipo ndithu, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti chimene chinadya diso lawo ndi chuku.

Umo nthendayi iyambira

Kawirikawiri nkhani yake imayenda motere. Bambo ali kupuntha mpunga Lolemba masana, kankhusu nkumulowa m'diso. Atikita ndi chikhatho, mnzake amuuzira, kachitsotso kaja katuluka, iye napitiriza ntchito yake. Usiku diso lilasa pang'ono ndi kutulutsa misozi, koma ndani angasiye mpunga pabwalo chifukwa cha misozi? Pofika Lachisanu diso lafiira ndipo likana kuwala kwa dzuwa. Mayi wa kunyumba apita pa msika nagula kachubu ka mankhwala a maso. Apaka mlungu wathunthu, koma diso silisintha. Pakati pa mbali yakuda ya diso paoneka kadontho kotuwa konga kambewu ka mapira. Achibale ati mankhwala achizungu alephera, nabwera ndi masamba otikita ndi kufinyira m'disomo. Pa mlungu wachitatu kadontho kaja kakula, ndipo kumunsi kwa mbali yakuda kwakhala mafinya oyera ondandalika ngati mwezi wongooneka kumene. Apa mpamene abale afuna njinga yopita naye ku chipatala cha boma ku Salima, pamene diso latsala pang'ono kubooka.

Chimene chimanyenga anthu nchakuti chuku sichifulumira. Chilonda cha m'diso chobwera ndi tizilombo tija timatchedwa mabakiteriya chimapsa msanga, ndipo ululu wake ndi manthongo ake zimathamangitsira munthu ku chipatala pa masiku awiri kapena atatu. Chilonda cha chuku chimakwawa pang'onopang'ono, ndipo poyamba ululu wake umapiririka. Munthu amati mawa ndiona, mawa ndiona, pamene chukucho chili kuzika mizu.

Galasi la diso ndi chuku

Munthu akayang'ana diso la mnzake cham'mbali aona kuti pamwamba pa mbali yakuda ija pali chinthu chotukuka choonekera, chonga galasi la wotchi. Limeneli ndilo galasi la diso, limene madotolo amalitcha cornea. Kuwala konse kolowa m'diso kumadzera pamenepa. Ndi lopyapyala kwambiri, pafupifupi theka la milimita pakati pake, monga kuchindikala kwa chikhadabo. Lili ndi mitsempha yambiri yomvera ululu, nchifukwa chake kachitsotso kakang'ono kamaliza munthu wamkulu, koma lilibe mitsempha ya magazi. Owerenga asunge mfundo imeneyi ya kusowa mitsempha ya magazi, pakuti ndiyo idzalongosola chifukwa chake mankhwala a nthendayi ali ovuta kutsata.

Pamwamba pa galasilo pali kakhungu kopyapyala kotchinga tizilombo. Kakhungu kameneka kakakalika ndi chinthu choyera, kamapola kokha pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma kakakalika ndi khusu la mpunga, tsamba la chimanga, phesi, bango, mlaza kapena nthambi, chinthu chokalacho chimasiyamo njere za chuku zimene chinali nazo.

Chuku sichachilendo kwa mlimi. Ndi chija chimamera pa nsima yogona masiku, pa chimanga chonyowa cha m'nkhokwe ndi pa mtedza wosauma bwino. Ena amati nkhungu, koma kunyanja mawu amenewa amanenanso tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi ngati utsi, kotero phunziro lino likuti chuku. Bowa ndi mbale wake, ndipo zipere za m'mutu mwa ana zimabweranso ndi mtundu wina wa banja lomwelo. Mitundu iwiri imene imadya maso kwambiri m'maiko otentha ndi Fusarium ndi Aspergillus. Fusarium amakhala m'nthaka ndi pa mbewu, ndipo amaoletsa zitsononkho ndi njere za chimanga m'munda. Aspergillus ndi yemwe uja alangizi a zaulimi amachenjeza naye pa mtedza ndi chimanga, chifukwa mitundu yake ina imatulutsa poizoni. Njere za chuku sizioneka ndi maso. Zikagwera pa bala la galasi la diso, pamene pali pofunda ndi ponyowa, zimamera timaulusi tolowa pansi ndi kutambalala m'mbali monga mizu ya kapinga.

Nthendayi siichokera kwa munthu wina, ndipo wodwala sapatsira a m'nyumba mwake. Siibweranso ndi kulodzedwa. Imakonda alimi a m'maiko otentha kulikonse. Mu 2021 akatswiri anawerengetsa kuti chaka chilichonse maso oposa 1,000,000 pa dziko lonse lapansi amagwidwa ndi chilonda cha chuku, ambiri mwa iwo ku Asia ndi kuno ku Africa, ndi kuti pa odwala 100 aliwonse, 8 kufikira 11 amachotsedwa diso lenilenilo. Anthu odwala nthenda ya shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika chifukwa cha HIV ayenera kuchenjera koposa anzawo, pakuti matupi awo salimbana bwino ndi chuku.

Chifukwa chake mankhwala wamba alephera

Mankhwala a maso amene anthu ambiri amawadziwa, monga tetracycline wopaka uja, chloramphenicol ndi gentamicin, ndi abwino ndithu, koma anapangidwira kupha mabakiteriya. Chuku ndi cholengedwa cha mtundu wina, ndipo mankhwala amenewa sachikhudza konse. Mlimi sapopera mankhwala a mbozi za thonje pofuna kupha udzu. Kotero diso limene linalaswa ndi chomera, ndipo lapakidwa mankhwala otere masiku atatu osasintha, silifuna chubu chachiwiri. Lifuna kuonedwa ndi munthu wophunzira za maso.

Pali mtundu wina wa madontho umene uli woopsa koposa, ndiwo wa mankhwala oziziritsa kutupa otchedwa masiteroidi. Pa botolo pamalembedwa mayina onga dexamethasone, betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone, ndipo nthawi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala ena m'botolo limodzi. Madontho amenewa ali ndi ntchito yake m'manja mwa dotolo. Koma pa diso la chuku ali ngati munthu woletsa agalu kuuwa pamene fisi ali kale m'khola. Kufiira kumachepa, ululu umazizira, wodwala nayamika wogulitsa uja kuti wamupatsa mankhwala amphamvu. Pamenepo nkuti asilikali a m'thupi amene analimbana ndi chukucho agonetsedwa, ndipo chukucho chili kulowa pansi mofulumira. Chizolowezi chogula madontho a maso pa msika, kapena kubwereka botolo lotsala kwa mnansi, nchoipa kwambiri chifukwa cha chimenechi. Mnansiyo anadwala nthenda yake, ndipo botolo lakelo silidziwa kuti lasintha diso.

Za mankhwala achikuda ziyenera kunenedwa poyera. Mu 1994 madotolo analemba za odwala 583 amene anafika ndi zilonda za pa galasi la diso m'zipatala ziwiri za maboma muno m'Malawi, ndipo anapeza kuti mmodzi mwa atatu aliwonse anali atathira kale mankhwala achikuda m'diso. Amene amafinyira madzi a masamba kapena a mizu m'diso la mbale wake amachita ndi mtima wabwino, palibe wokana. Koma chuku chimakhala pa masamba ndi pa mizu pomwepo, kotero iye ali kuthira mbewu ina pa munda wolimidwa kale. Zina mwa zomera zimenezi zimaotchanso galasi la diso. Chimodzimodzi mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo, ndi kunyambita diso ndi lilime pofuna kuchotsa kachitsotso. Choipa china nchakuti masiku amatha. Ku Chikwawa, m'zaka za m'ma 1990, a chipatala anakhala pansi ndi asing'anga nakambirana nawo za matenda a maso, ndipo pambuyo pake khungu linachepa pakati pa odwala amene anayamba adzera kwa sing'anga. Sing'anga wanzeru akaona kadontho koyera pa mbali yakuda ya diso amatumiza munthuyo ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo mbiri yake siichepa nazo.

Zimene amachita ku chipatala

Zipatala za maboma zimakhala ndi anthu ophunzira ntchito ya maso, ndipo wa m'boma la Salima ayenera kuyamba wafika pa chipatala chachikulu cha pa boma. Wa maso amakhudza diso ndi kapepala ka utoto wachikasu, nawalitsa nyali ya buluu. Pamene pali chilonda pamaoneka mobiriwira. Chilonda cha chuku kawirikawiri chimakhala chouma, chotukuka pang'ono, m'mphepete mwake monyanyuka ngati nthenga ya nkhuku, ndipo nthawi zina chimakhala ndi tiana take tating'ono pambali. Koma maso okha akhoza kunyenga ngakhale dotolo wozolowera. Nchifukwa chake, kumene kuli zipangizo, amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, napala pang'ono pa chilondapo, nayang'ana zopalidwazo pa makina okuza tinthu tating'ono. Ngati muli chuku timaulusi tija timaoneka bwinobwino. Odwala ena amaopa kupalidwa, poganiza kuti dotolo ali kuboola diso. Sikutero ayi. Kupalako sikupweteka chifukwa cha dzanzi lija, ndipo kumathandizanso mankhwala kulowa, pakuti kumachotsa zakufa zimene zinaphimba chilonda.

Chilonda chikakhala chachikulu, chakuya, kapena cha pakati penipeni pa diso, wodwala amatumizidwa ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Salima, ku chipatala cha maso cha Lions Sight First chimene chili pa chipatala chachikulu cha Kamuzu. Ku Nkhoma nakonso kuli chipatala cha maso chodziwika. Kalata yotumiza munthu ku Lilongwe siyosunga m'sutikesi kudikira kuti mpunga ugulitsidwe.

Mankhwala ake enieni

Mankhwala oyamba pa nthenda imeneyi ndi madontho otchedwa natamycin, a mphamvu ya 5 pa 100. Mbiri yake njokondweretsa, pakuti anachokera m'nthaka ya mu Africa momwe muno. Mu 1955 akatswiri a ku Netherlands anapeza kuti kachilombo kena ka m'dothi lotengedwa ku Natal, ku South Africa, kamatulutsa chinthu chopha chuku. Poyamba anachitcha pimaricin, potengera dzina la mzinda wa Pietermaritzburg, ndipo pambuyo pake natamycin, potengera dzina la Natal. Mankhwalawa amamatirira ku mafuta ena a m'khungu la chuku otchedwa ergosterol, amene thupi la munthu lilibe, ndipo chukucho chimaleka kukula nkufa. Ndi omwewo amene opanga chakudya kunja amapaka pa tchizi kuti asachite chuku. Mu 2017 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo.

Alipo mankhwala ena atsopano otchedwa voriconazole, ndipo madotolo ambiri anayembekeza kuti aposa akalewo. Anawayesa onse awiri pa odwala 323 m'zipatala za maso za Aravind kumwera kwa India, kumene alimi a mpunga amavutika ndi nthenda yomweyi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Patapita miyezi itatu, amene analandira natamycin ankaona bwino koposa anzawo, ndipo maso obooka anali ochepa pakati pawo, makamaka pamene chuku chinali cha mtundu wa Fusarium. Apa pakuoneka kuti mankhwala atsopano ndi okwera mtengo sakhala oposa akale nthawi zonse. Voriconazole akali ndi ntchito pa zilonda zina, ndipo pa chuku cha mtundu wa Candida madotolo amakonda madontho a amphotericin B. Kusankha ndi kwa dotolo amene waona chilondacho.

Vuto lilipo ndi lakuti natamycin sapezeka wamba m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kumene apezeka mtengo wake ngwokwera. Chifukwa cha ichi madotolo akhala akuyesa madontho otsika mtengo a chlorhexidine, a mphamvu ya 0.2 pa 100. Ku Nepal anawayerekeza ndi natamycin, ndipo zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti natamycin ndiye woposa. Komabe kumene natamycin kulibe, chlorhexidine wa maso ndi wabwino koposa kukhala opanda kanthu.

Pano pafunika chenjezo lalikulu kwa amayi. Dzina lakuti chlorhexidine lilinso pa mankhwala opaka pa mchombo wa mwana wobadwa kumene ndi pa mankhwala otsukira mabala. Amenewo ndi amphamvu kwambiri koposa a maso, ndipo amaotcha diso. Mu 2019 bungwe la WHO linachenjeza maiko a mu Africa chifukwa makanda ena anavulala maso, ena mpaka kuchita khungu, atathiridwa m'maso mankhwala a pa mchombo. Chlorhexidine wa maso amakonzedwa mwapadera ndi a chipatala. Munthu asayese kusungunula yekha kunyumba.

Kadonthezedwe kake

Gawo lino ndilo lofunika kuliwerenga kawiri, ndi kuwawerengera amene sadziwa kuwerenga, pakuti apa mpamene maso amapulumuka kapena kutayika ngakhale mankhwala alipo.

Kwanenedwa kale kuti galasi la diso lilibe mitsempha ya magazi. Mankhwala a malungo munthu amamwa kawiri pa tsiku, magazi nawanyamula kuwafikitsa pa nthenda. Pa galasi la diso palibe wonyamula wotere. Mankhwala ayenera kugwera pa chilonda penipeni, ndipo akangogwera misozi imayamba kuwatsuka. Kotero pa masiku awiri oyamba dotolo amalamula dontho limodzi ola lililonse, usana ndi usiku womwe. Ndiye kuti madontho 48 pa masiku awiriwo, osadumpha la pakati pa usiku kapena la tambala woyamba. Pambuyo pake amati ola lililonse masana okha, kenaka maola awiri aliwonse, nachepetsa pang'onopang'ono monga aonera chilondacho. Zonse pamodzi zimatenga milungu inayi kufikira isanu ndi umodzi, ndipo nthawi zina kupitirira apo.

Munthu mmodzi wodwala, wosagona tulo chifukwa cha ululu, sangathe ntchito yotere yekha. Nchifukwa chake a chipatala amakonda kumugoneka masiku oyambawo, ndipo wodwala asakane. Ngati wabwerera kumudzi ndi botolo, ntchitoyi ndi ya banja lonse. Anthu awiri kapena atatu agawane usiku monga amagawana podikira mbalame ndi mvuu ku munda wa mpunga. Foni ya m'manja itcheredwe kuti izilira ola lililonse. Njira ina yothandiza ndi kuika njere 24 za chimanga m'mbale, ndi kusamutsa njere imodzi kuiika m'mbale ina nthawi iliyonse dontho likalowa. Pakutha pa tsiku mbale yoyamba ikhale yopanda kanthu, ndipo njere zotsalamo zidzaulula maola amene anadumphidwa.

Wodontheza ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Natamycin ndi woyera ngati mkaka, ndipo mphamvu yake imakhazikika pansi pa botolo monga ufa m'madzi, kotero botolo likhutchumulidwe bwino nthawi iliyonse. Wosakhutchumula amadontheza madzi okhaokha. Wodwala agone chagada kapena apendeketse mutu kumbuyo. Wodontheza akokere pansi chikope cha m'munsi ndi chala, nagwetsere dontho limodzi m'kathumba kamene kapangikapo. Kamwa ya botolo isakhudze diso, nsidze kapena chala. Wodwala atsinzine pang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri, osafinya. Dontho limodzi likwanira. Lachiwiri limangotsikira pa tsaya, ndipo mankhwala osowa chotere sayenera kutayidwa. Ngati pali mabotolo awiri kapena atatu, papite mphindi zisanu pakati pa botolo lina ndi linzake, kuti lachiwiri lisatsuke loyamba. Botolo litsekedwe ndi kusungidwa pamthunzi pozizira, osati pa zenera, pafupi ndi moto kapena m'thumba la malaya a munthu wopita kudzuwa.

Zinthu zina zimadabwitsa odwala. Natamycin amasiya zoyera zomatirira pa chilonda ndi m'mbali mwa zikope. Amenewo ndi mankhwala, si mafinya. Amaluma pang'ono polowa. Kawirikawiri dotolo amaperekanso madontho a atropine, amene amakulitsa mwana wa diso ndi kuchepetsa ululu wa m'kati. Diso limaona mwachimbuuzi chifukwa cha iwo, koma zimenezi zimatha akawasiya. Atropine ndi poizoni mwana akamwa, kotero asungidwe pamwamba. Diso lisamangidwe ndi nsalu kapena mpango, pakuti m'kati mwa nsalu mumakhala mofunda ndi monyowa, ndipo chuku chimakonda pomwepo. Chipewa chachikulu kapena magalasi akuda akwanira kutchinga dzuwa. Wodwala asapite kopuntha, kopeta, kapena kukasambira ndi kuvuula makoka m'nyanja kufikira dotolo atamulola.

Kuchira kwake nkochedwa, ndipo mlungu woyamba munthu akhoza kuganiza kuti palibe chikuchitika. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Zizindikiro zabwino ndi izi: ululu uchepa, mafinya a kumunsi aja atsika, ndipo m'mphepete mwa chilonda muleka kunyanyuka. Koma wodziwa kuona zimenezi bwino ndi wa maso ndi nyali yake, kotero tsiku lobwerera ku chipatala lisaphonyedwe ngakhale mtengo wa galimoto uwawe. Cholakwa chimene odwala ambiri amachita ndi kusiya mankhwala pa mlungu wachiwiri kapena wachitatu poona kuti ululu watha. Pamwamba pamakhala patapola, koma timaulusi ta pansi tikali ndi moyo. Wolima kapinga pamwamba pokha adziwa chimene chimachitika mvula ikagwa. Chuku chobwereranso chimakhala chakuya, kumene madontho safika bwino, ndipo pamenepo pamafunika mapiritsi, jekeseni wa m'diso kapena opaleshoni. Botolo likatsala pang'ono kutha, wina apite kukatenga lina lisanathe.

Wodwala abwerere ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa, ngati ululu ukula, ngati choyeracho chikula, kapena ngati mwadzidzidzi madzi ofunda atuluka m'diso ululu nuleka. Chomaliza ichi ena amachiyesa kuchira, koma ndicho chizindikiro chakuti galasi labooka.

Chinthu chimodzi chiyenera kudziwika poyamba pomwe, kuti pasakhale kudandaula pambuyo. Mankhwala amapha chuku, koma safafaniza chipsera. Pamene panali chilonda pamatsala poyera, ndipo kukula kwa chipsera kumalingana ndi kukula kwa chilonda pa tsiku limene mankhwala anayamba. Chipsera chaching'ono cha m'mbali sichiletsa munthu kuona. Chachikulu cha pakati chimatseka kuwala. Anthu amatcha choyera chilichonse cha m'diso ng'ala, koma izi nzosiyana. Ng'ala yeniyeni ya okalamba imakhala m'kati, kuseri kwa mwana wa diso, ndipo opaleshoni yake imachitika kawirikawiri muno m'Malawi. Chipsera cha pa galasi chimachoka pokhapokha ataikapo galasi lina lochokera kwa munthu womwalira amene anapereka maso ake, ndipo magalasi otere ngosowa kwambiri m'maiko a kuno.

Tsiku loyamba

Zonse zanenedwazi zikhoza kupewedwa kapena kuchepa pa tsiku limene munthu walaswa. Diso lisatikitidwe. Litsukidwe ndi madzi ambiri oyera, owiritsa ndi kuziziritsa kapena a pa mjigo, osati a m'munda wa mpunga kapena a m'mphepete mwa nyanja. Ngati likali kulasa pofika madzulo, munthuyo apite ku chipatala chaching'ono chapafupi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kumeneko amachotsa kachitsotso kotsalira ndi kupereka mankhwala opaka oteteza bala pamene lili kupola. Ku Bhaktapur, m'dziko la Nepal, anthu a m'midzi okalika m'maso anapatsidwa chloramphenicol wopaka katatu pa tsiku kwa masiku atatu. Zolembedwa mu 2001 zinaonetsa kuti 96 pa 100 aliwonse anapola popanda chilonda, ndipo mwa amene anafika asanathe maola 18 panalibe amene anachita chilonda. Bala likatsekeka msanga, khomo lolowera chuku latsekeka. Koma ngati patapita masiku atatu diso silinapole, kapena paoneka kadontho koyera kapena kotuwa pa mbali yakuda, munthuyo asadikirenso. Apite ku Salima kwa a maso.

Pa ntchito penipeni, wopeta ndi wouluza aime mofulatira mphepo, ndipo ana asasewere kumene mankhusu akuulukira. Magalasi wamba otchinga dzuwa a pa msika amathandiza popuntha mpunga, podula bango ndi polowa m'munda wa chimanga chouma. Munthu amene anatsala ndi diso limodzi loona asagwire ntchito zimenezi opanda magalasi. Mafumu, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a alimi a mpunga achita bwino kukumbutsa anthu awo zimenezi pa misonkhano ya nyengo yokolola isanafike.

Wopita ku chipatala atenge buku lake la kuchipatala, ndi mabotolo ndi machubu onse amene wathira m'disomo, ngakhale ogula pa msika. Anene zoona za masamba kapena mizu imene inafinyiridwamo, pakuti dotolo safunsa kuti akalipe koma kuti asankhe bwino mankhwala. Mawu oyamba kunena akhale akuti diso linalaswa ndi chiyani, ndipo tsiku liti. Apite ndi womudikirira, chofunda ndi ufa wa masiku angapo, chifukwa akhoza kugonekedwa kapena kutumizidwa ku Lilongwe tsiku lomwelo.